Kuswetsa Mazira ndi Makina

Anthu ambiri a ku Chipata amene agwira nchito ku migodi ya Kitwe, Mufulira ndi Solwezi aganizira za tsiku lobwerera kwao, ndipo ena atumiza ndalama kuti abale agule makina oswetsa mazira, ochedwa incubator. Maganizowo ngabwino. Thadzi la kumudzi likaikira mazira 12 kapena 15 lileka kuikira, nilifungatira masiku 21, pambuyo pace liyenda ndi anapiye miyezi iwiri. Cotero pa caka liswa katatu kapena kanai basi. Makina akatenga nchito yofungatira, thadzi libwerera msanga kukaikira. Koma makinawo ali ngati thadzi lopanda nzeru. Apatsa kutentha, ndipo zina zimene thadzi licita mwa cibadwa ziyenera kuyang'aniridwa ndi munthu.

Zolakwa zambiri ziyamba mazira asanalowe m'makina. Mazira a m'sitolo, oikiridwa ndi nkhuku zosungidwa popanda tambala, saswa konse, ngakhale akhalemo mwezi wathunthu. Tambala mmodzi akwanira matadzi khumi. Dzira lisapitirire masiku 7 ciikiridwire, lisakhale long'aluka, ndiponso lisatsukidwe, pakuti madzi acotsa kacikuto kosaoneka kamene katsekereza tizirombo kunja. Podikira ena, mazira asungidwe pozizira, nsonga yace iloze pansi. Izi nzobvuta m'mwezi wa October, pamene nyumba ya malata ku Kapata kapena ku Mchini itentha ngati ng'anjo, kotero kuti mwana ayamba kukula m'dzira nthawi isanakwane, nafooka.

Kutentha koyenera m'makina okhala ndi kocupiza mphepo ndiko madigiri 37.5, usana ndi usiku. Kukacepa pang'ono anapiye acedwa kuswa. Kukapitirira madigiri 40 afa pa maola owerengeka. Cifukwa cace makina asaikidwe pa zenera lolowa dzuwa, ndipo mwini wanzeru ayamba wawayatsa tsiku lathunthu ali opanda kanthu, nayang'ana coyezera kutentha ngati cikhala pamodzi.

Mlandu waukuru uli pa magetsi. M'caka ca 2024 cirala cinacepetsa madzi a ku Kariba, ndipo ZESCO inali kuzimitsa magetsi maola ambiri tsiku liri lonse, nthawi zina koposa theka la tsiku. Cirala cotere cikhoza kubweranso. Mazira apirira kuzizira kwa maola pang'ono, monga thadzi nalonso licoka kukadya. Magetsi akazima, makina asatsegulidwe, koma afunditsidwe bulangeti, kusiya timabowo ta mpweya. Koma kuzizira kwa tsiku ndi tsiku, makamaka usiku wa June ndi July, kutha anapiye onse m'zigoba zao. Tsono wotumiza ndalama ayambe wafunsa za batire ndi sola asanafunse za kukula kwa makina. Alipo aang'ono oyendera batire ya mavoti 12, aliponso otenthedwa ndi nyali ya parafini. Makina a mazira 50 osazima aposa kutari a mazira 500 odalira magetsi okha, ngakhale kuti aakuruwo ndiwo apatsa ulemu alendo akalowa m'nyumba.

Dzira lipuma, ndipo litaya madzi pang'onopang'ono. Pansi pa makina pakhala kambale ka madzi kuti cinyezi cikhale pakati pa magawo 50 ndi 55 pa 100. Ku Chipata mphepo ya September ndi October njouma, ndipo kambaleko kaphwa msanga. M'dzinja madzi afunika ocepa. Kukauma kwambiri mwanapiye amatirira ku cigoba, kukanyowa kwambiri amira m'kati asanaboole.

Makina ena atembenuza okha mazira. Amene satero afuna dzanja la munthu katatu kapena kasanu pa tsiku, kuti dzira lisagonere mbali imodzimodzi usiku uli wonse. Cizindikiro ca pensulo mbali ziwiri za dzira cithandiza kudziwa limene laiwalika. Nchito iyi njopepuka, koma silola maliro a kutari kapena ulendo wa ku Mtenguleni pa Nc'wala, ngati palibe wotsala pakhomo amene aidziwa.

Pa tsiku la 7 mazira aunikidwe ndi toci m'cipinda ca mdima. La moyo lionetsa timitsempha tofiira ngati miyendo ya kangaude. Loyera mbee liribe mwana, ndipo licotsedwe, pakuti dzira losukusa likaphulika liononga anzace.

Pa tsiku la 18 kutembenuza kuleke, madzi aonjezedwe kuti cinyezi cifike magawo 65 kapena 70, ndipo makina atsekedwe. Apa ndipo pabvuta mtima. Mwanapiye akaboola cigoba akhoza kupuma tsiku lathunthu asanaturuke, ndipo ana a pakhomo, ngakhale akuru omwe, afuna kutsegula kuti amthandize. Kutsegulako kuturutsa cinyezi, ndipo kusenda cigoba kudula mitsempha imene isanaume, mwanapiye nataya mwazi. Woswa asiyidwe momwemo kufikira nthenga zace zitauma. Safuna cakudya tsiku loyamba, popeza ali naco cacikasu ca dzira m'mimba mwace. Mazira a nkhanga asasanganizidwe tsiku limodzi ndi a nkhuku, cifukwa iwo atenga masiku 26 kufikira 28.

Anapiye a makina alibe mai wowafungatira. Afuna malo ofunda kwa milungu itatu kapena inai, ndipo wofunditsa ndi mbaula asiye polowera mpweya, pakuti makala apha m'cipinda cotsekeka. Afunanso katemera wa citopa akali aang'ono, matenda amene akalowa m'mudzi nyengo ya cirimwe asesa makola onse. Masiku ace a katemerayo anena ndi alangizi a ziweto a boma la Chipata.