DZIMBIRI NDI MADZI A MCHERE KU NYANJA YA CHILWA

Anthu a m'dera la Mfumu Kuntumanji, m'boma la Zomba, adziwa kuti chitsulo sichikhalitsa m'mbali mwa Nyanja ya Chilwa. Misomali ya mabwato ndi ndodo za m'mijigo zimadyeka msanga kuposa za kumtunda, ndipo n'koyenera kuti owerenga athu amvetse chifukwa chake.

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathira m'menemo madzi pamodzi ndi mchere wosungunuka m'miyala ndi m'nthaka. Dzuwa limamwa madziwo, koma mchere umatsala. David Livingstone atafika panyanjayi m'chaka cha 1859, anapeza madzi ake ali owawirako. Pamene nyanja iphwa, monga inachitira mu 1968, 1995 ndi 2018, mchere umachuluka m'madzi otsalawo. Ngakhale kuti sufika pa wa m'nyanja zazikulu za dziko lapansi, m'mene lita imodzi imakhala ndi magalamu pafupifupi 35, ndi wokwanira kuwononga chitsulo, ndipo umapezekanso m'madzi a pansi m'midzi ina ya m'chigwachi.

Dzimbiri limabadwa pamene chitsulo chikumana ndi madzi ndi mpweya wa okosijeni. Mchere umafulumizitsa ntchitoyi m'njira ziwiri: umathandiza mphamvu ya magetsi kuyenda m'madzi kuchokera pa mbali ina ya chitsulo kunka pa ina, ndiponso umaboola kachikopa kopyapyala kamene kakadateteza chitsulocho.

Palinso nkhoko zoyera, zonga zija tiziona m'ketulo, zimene ndi laimu wotsalira m'madzi. Nkhokozi zikakuta chitsulo chonse mofanana, zimatsekereza mpweya ndipo dzimbiri limachedwa. Koma zikamata mwa apo ndi apo, chitsulo chimadyeka kunsi kwake, ndipo paipi yooneka yabwino kunja imabooka mwadzidzidzi.

Nzeru yotetezera zitsulo m'madzi a mchere inayamba kale. M'chaka cha 1824, Humphry Davy wa ku England anamangirira zidutswa za zinki ndi chitsulo pa mkuwa wokutira zombo za nkhondo, ndipo zidutswazo zinadyeka m'malo mwa mkuwawo. Ndi nzeru yomweyi imene ili pa malata ndi pa mapaipi okutidwa ndi zinki. Komatu zinkiyo ikatha, chitsulo chimatsala pambalambanda.

Apa m'pamene nkhaniyi ikhudza moyo wa anthu. Mjigo wa Afridev, umene chiyambi chake chinali m'dziko muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, uli ndi mapaipi a pulasitiki amene sachita dzimbiri. Koma ndodo zake zofala zimapangidwa mitundu iwiri: za chitsulo chokutidwa ndi zinki, zotsika mtengo, ndi za chitsulo chosachita dzimbiri, zokwera mtengo. M'madzi a mchere ndodo zotsika mtengozo zimafiiritsa madzi, kenaka zimaduka. Mjigo ukafa, amayi amabwerera kumtsinje ndi kuzitsime zosatetezedwa, ndipo anthu a ku Chilwa sanaiwale mliri wa kolera wa 2015 ndi 2016.

Chotero ogwira ntchito za Boma oyang'anira zokumba mijigo ayenera kuonetsetsa kuti madzi ayesedwa mjigo usanaikidwe, ndi kuti ndodo zoikidwazo n'zosachita dzimbiri, osasakaniza mitundu iwiriyi m'mjigo umodzi, pakuti zitsulo zosiyana zikakhudzana m'madzi a mchere chimodzi chimadyeka msanga. Makomiti a mijigo azizula ndodo nthawi ndi nthawi kuti aone umo ziliri.

Aphunzitsi nawo angathe kuonetsa ana chinthuchi mosavuta. Aike msomali m'botolo la madzi a mvula, wina m'botolo la madzi othira mchere pang'ono, mabotolo onse osatseka, ndipo ana azilemba tsiku ndi tsiku zimene aona. Ana amenewa ndiwo adzakhale m'makomiti a mijigo m'tsogolo muno.