Walira mvula walira matope

Anthu ambiri akaona mitambo yakuda amabweza njinga yamoto pakhonde. Ife, tsiku lina m'mwezi wa Januwale, sitinatero. Tinanyamuka ku Limbe m'mamawa pa mthuthuthu wathu wakale, ndipo pofika pa Bvumbwe mvula inali itayamba kuwaza. Amayi a pamsika anali kalikiliki kufunditsa tomato ndi kabichi wawo. Mmodzi anatikuwira: "Bambo, tabwerani muuse mvulayi!" Tinathokoza, koma tinapitirira.

Wokwera galimoto mvula amangoiona pagalasi. Wa panjinga amainunkhiza. Titalowa m'minda ya tiyi, fungo la dothi lonyowa linasakanikirana ndi la bulugamu, madontho akulira pachipewa ngati pa denga la malata. Zitunda zonse zinali zobiriwira, zosalala ngati zometedwa ndi lumo, ndipo phiri la Thyolo linkabisala m'nkhungu, n'kutulukamo, n'kubisalanso. Pa msinkhu wathu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu, tinapezeka tikuseka tokha ngati ana osewera m'zithaphwi.

Tinasiya phula n'kukhotera mumsewu wadothi wolowera ku Satemwa, esiteti imene Maclean Kay anaitsegula mu 1923. Dothi lofiira la kumeneko likanyowa limaterera ngati therere. Lamulo lake n'losavuta: giya yaing'ono, osafinya buleki yakutsogolo modzidzimutsa, maso patali. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuyenda pang'onopang'onoko n'kumene kunatipatsa mpata woona zimene tsiku ladzuwa tikadazipitirira pa liwiro.

Choyamba tinaona kuti kukongola konseku n'kwa mvula. Tiyi anayamba wayesedwa pa mishoni ya Blantyre, kenaka Henry Brown anakamubzala ku Mulanje mu 1891, ndipo pambuyo pake anafalikira ku Thyolo. Anakhazikika m'maboma awiriwa chifukwa mvula imagwa yochuluka, ndipo m'miyezi yozizira mvumbi wa chiperoni umanyowetsabe nthaka. Masamba ambiri amathyoledwa kuyambira Disembala mpaka Epulo, mvula ili pachimake.

Chachiwiri tinaona anthu. M'mizere ya tiyi munali amayi ndi abambo, madengu kumsana, mapulasitiki m'chiuno, zala zikuthothola nsonga zanthete mosapumira. Ambiri mwa iwo ndi zidzukulu za Alomwe amene anachoka ku Mozambique nadzagwira thangata m'minda yomweyi. Tinaima n'kuwalonjera. Mayi wina wachikulire anatiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa, nafunsa: "Kodi kwagwanji kumene mukuthamangirako?" Titayankha kuti tikungoyenda, anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Kuseka kwakeko kunatilasa mtima. Ife tinanyowa mwa kufuna kwathu, ndipo tikadatha kubwerera nthawi iliyonse. Iye ananyowa kuti dengu lilemere pasikelo, ana adye madzulo.

Kodi pamenepo chimwemwe chathu chinasanduka tchimo? Ayi. Koma chimwemwe chosaona mnansi n'choperewera. Mvula imodzimodziyo kwa wina ndi msangalatso, kwa wina ndi ntchito, kwa winanso ndi maliro. Sitinaiwale mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anakokolola nyumba, minda ndi anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera. N'chifukwa chake titafika pa kamtsinje kosefukira tinatembenuza njinga osachita manyazi. Anyamata athu a kabaza, tikupemphani: valani chipewa, mupatsenso wokwera chake, ndipo madzi othamanga musapikisane nawo. Kunyumba akukudikirani.

Masana tinafika pa boma la Thyolo, matope mpaka m'mawondo, mano akugundana. M'kanyumba kena kogulitsira zakudya anatipatsa tiyi wotentha ndi sikono. Tiyi tamwa zaka zonse za moyo wathu, koma wokoma chotere sitinamulawepo, pakuti tinali titaona mvula imene inamulera ndi manja amene anamuthyola.

Walira mvula walira matope. Zonse ziwiri tinazilandira tsiku limenelo, ndipo tinayamika Mulungu. Mawa m'mamawa, ketulo ikamawira pakhomo panu, auzeni ana kumene masambawo achokera, ndipo pothokoza mukumbukire mayi uja wa dengu kumsana.