COLEUS, CITSAMBA CA MASAMBA OKONGOLA

Maluwa ambiri timawabzala cifukwa ca duwa lace, koma coleus timambzala cifukwa ca masamba. Kwao kwa citsamba cimeneci ndi ku maiko ofunda a kum'mwera ca kum'mawa kwa Asia, monga pa cisumbu ca Java. Anthu a ku Ulaya anacitenga kumeneko m'zaka za m'ma 1800, ndipo lero cimapezeka pa makomo a anthu m'maiko ambiri.

Kodi mungamzindikire bwanji? Gwirani phesi lace ndi zala ziwiri, mulipotokole pang'ono. Mudzamva kuti siliri lobulungira ai, koma liri ndi mbali zinai. Masamba amamera awiriawiri moyang'anana, ndipo m'mphepete mwao muli mano onga a sowo. Mpungabwe, umene timapitikitsira udzudzu, uli ndi phesi lotere, pakuti ziwirizi nza banja limodzi.

Mitundu ya coleus njambiri. Wina ngwofiira ngati magazi, wina ngwacikasu, wina ali ndi pakati pofiira ndi m'mbali mobiriwira, winanso ngwofiira moderapo, kukhala ngati wakuda. Wochedwa Kong ali ndi masamba otambalala ngati cikhato ca munthu wamkulu, pamene wochedwa Wizard ngwamfupi, wosapitirira kwenikweni masentimita 30. Ngakhale tsamba lofiira liri nako kubiriwira m'kati mwace, kumene limapangira cakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Utoto wofiirawo wangokuphimba.

Njira yabwino yomcurukitsira ndiyo kudula nthambi. Sankhani nthambi yanthete yopanda duwa, yotalika masentimita 10, muidule pansi pa mfundo ndi mpeni wakuthwa. Thotholani masamba a m'munsi, musiye anai okha a kunsonga. Tsono iikeni m'botolo la madzi oyera pamthunzi, ndi kusintha madziwo pakapita masiku awiri kapena atatu. Isanathe milungu iwiri mudzaona timizu toyera tikuturuka pamfundo. Timizuto tikatalika ngati cala cacing'ono, nthawi yowokera yakwana. Nthambi imabala citsamba cofanana ndi mace, koma njere zimabala mitundu yosiyanasiyana. Cifukwa cace mukaona coleus wokoma kwa mnzanu, pemphani nthambi.

Coleus amakonda nthaka yofewa, yosakaniza ndi manyowa owola bwino ndi mcenga pang'ono, kuti madzi asaime. Siyani masentimita 30 pakati pa citsamba ndi cinzace. Malo omuyenera ndi amene amalandira dzuwa la m'mawa ndi mthunzi wa masana. Dzuwa la mwezi wa October limawaula masamba, koma mthunzi wambiri umawacititsa kufwifwa. Thirirani nthaka ikayamba kuuma pamwamba. Madzi ocuruka amaoletsa mizu.

Citsamba cikakula, tsinani nsonga zace ndi cikhadabo. Pamene mwatsinapo padzaphuka nthambi ziwiri, ndipo cidzakhala cowirira. Timaluwa tace tobiriwira ngati thambo tikaoneka, ticotseni msanga, pakuti citsamba cikayamba kubala njere masamba amacepa.

Adani ace ndi nkhono ndi tizirombo toyera tonga thonje, timene timabisala m'mphanda za nthambi. Nkhono zitoleni madzulo, ndipo tizirombo titsukeni ndi madzi a sopo. Koma mdani woposa onse ndi cisanu ca June ndi July, cimene cikhoza kupha citsamba usiku umodzi. Mlimi wocenjera amadula nthambi zingapo mu May, nazisunga m'zitini pakhonde. Wosatero akhoza kutaya mtundu umene anausamala caka cathunthu.

MAFUNSO
1. Chulani zizindikiro ziwiri za coleus.
2. Cifukwa ninji tibzala nthambi m'malo mwa njere?
3. Cimacitika nciani tikatsina nsonga?

NCHITO
Ikani nthambi ziwiri m'mabotolo, lina pamthunzi, lina padzuwa. Lembani m'buku mwanu zimene mudzaona tsiku ndi tsiku kufikira masiku 14.