Mphunzitsi Amene Alinso Mlembi

Aphunzitsi ambiri amadandaula kuti kuchonga makope kumawalanda nthawi yolemba nthano zawo. Koma tikumbukire Samuel Josia Ntara, amene analemba buku la Nthondo ali mphunzitsi ku Nkhoma, nalandira nalo mphotho mu 1933. Kuphunzitsa sikunaphe luso lake.

Kuno ku Karonga mwana amafika pasukulu ali nazo kale nthano za m'Chinkhonde kapena m'Chitumbuka. Tsono mphunzitsi ayambe wamlola kusimba pakamwa za asodzi a ku Kaporo kapena za gule wa mapenenga, ndipo pambuyo pake azilembe. Ana akamalemba, nayenso akhale pansi alembe yake, ndi kuwawerengera osabisa pamene wafufuta. Potero ana adzazindikira kuti nkhani yokoma siipsa tsiku limodzi, ndipo cholembera cha mphunzitsiyo sichidzachita dzimbiri.