Kujambula Katundu pa Nsalu Yoyera Popanda Chithunzithunzi

Chithunzithunzi chimabadwa pamene chinthu chatchinga kuwala, ndipo palibe pomwe chimaonekera kwambiri kuposa pa nsalu kapena pepala loyera. Nsapato yatsopano ikajambulidwa padzuwa imatuluka ndi mdima wakuda bii pambali pake, m'mphepete mwake osadziwikanso, ndipo wogula amangopitirira osafunsa n'komwe mtengo.

Vutoli amalidziwa bwino amalonda a ku Kadoma ndi Chegutu, matauni awiri a m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, pamsewu waukulu wa Harare ndi Bulawayo. Mpaka 1982 ankatchedwa Gatooma ndi Hartley. Derali ndi la golide ndi thonje, ndipo migodi monga Cam and Motor, pamodzi ndi mafamu, inakoka anthu ambiri ochokera ku Nyasaland omwe zidzukulu zawo zikukhalabe komweko. Lero telala wa ku Rimuka ku Kadoma kapena mayi wa ku Pfupajena ku Chegutu wogulitsa zitenje, zomwe kumeneko amazitcha mazambia, amaonetsa katundu wake pa WhatsApp ndi Facebook. Kwa iye chithunzi cha pafoni ndicho benchi la pamsika.

Muzu wa nkhani uli pa kukula kwa malo amene kuwala kukuchokera. Kukachokera pa kanthu kakang'ono, monga tochi, babu losaphimba kapena flash ya foni, chithunzithunzi chimakhala chakuda ndi chakuthwa m'mphepete. Kukachokera pamalo otambalala, kumalowa m'mbali zambiri, nkumadzaza mdima umene mbali ina yasiya. Dzuwa, ngakhale ndi lalikulu chotani, lili kutali kwambiri moti kumwamba limangotenga pafupifupi theka la digiri imodzi, n'chifukwa chake limachita ngati tochi. Mitambo ikaliphimba, thambo lonse limasanduka nyali imodzi yofewa, ndipo tsiku lotere ndi la mwayi kwa wojambula.

Matauni awiriwa ali pafupifupi madigiri 18 kum'mwera kwa Equator. Chapakati pa Novembala ndi kumapeto kwa Januwale, masana dzuwa limafika paliwombo penipeni, chithunzithunzi nkubisala pansi pa katundu, chachifupi koma chakuda kwambiri. M'miyezi ya Juni ndi Julayi limapendekera kumpoto, kumwamba kuli mbee, ndipo chithunzithunzi chimatalika. Mankhwala ake nyengo zonsezi ndi amodzi: chithunzithunzi chimagonja kwa mthunzi. Pakhonde, kapena pafupi ndi zenera loyang'ana kum'mwera m'nyengo yozizira, kuwala kumafika kutafewa kale. Mthunzi wa mtengo suthandiza, poti masamba amawaza madontho a dzuwa pansalu ndipo amasiya kamtundu kobiriwira. Ngati dzuwa likulowa pazenera, katani yopyapyala yoyera kapena nsalu ya pabedi imalifewetsa bwino. Nsalu yotere si yosowa m'dera limene linatchuka ndi mafakitale a David Whitehead, dzina lomwe a ku Blantyre nawonso amalidziwa.

Kayalidwe ka kumbuyo nako kamafuna chisamaliro. Pepala lalikulu la manila limamatidwa kukhoma ndi selotepi, nkulisiya litsike mopindika pang'onopang'ono mpaka patebulo, popanda kulikhwinya pakona, kuti mzere wa pomwe khoma likumana ndi tebulo usaoneke. Nsalu imayenera kusitidwa kaye, chifukwa khwinya lililonse limabala kachithunzithunzi kake. Cholakwika chofala kwambiri ndicho kutsamiritsa katundu kukhoma. Akasunthidwa kubwera kutsogolo, mwina theka la mita kapena kuposa, mdima wake umagwera pansi, kumbuyo kwake komwe kamera sikuona, m'malo mokwera khoma.

Kuwala kwa pazenera kumachokera mbali imodzi, choncho mbali inayo imada. Apa chofunika ndi katoni yomatidwa pepala loyera, yoimikidwa moyang'anizana ndi zenera, kuti ibweze kuwala pa katunduyo. Wojambula akamaisendeza pafupi amaona ndi maso ake mdima ukuchepa, ngati madzi akuphwa pamchenga. Njira imeneyi ndi yosalira ndalama, ndipo imaposa nyali zambiri zogula, makamaka kumalo kumene magetsi amathimathima.

Tinthu ting'onoting'ono monga ndolo, mawotchi ndi mabotolo a mafuta odzola timajambulika bwino m'bokosi la kuwala. Katoni imadulidwa mawindo atatu, kumanzere, kumanja ndi pamwamba, nkuphimbidwa ndi nsalu yoyera yopyapyala, ndipo m'kati mumayalidwa manila mopindika muja. Mababu awiri amaikidwa kunja, lina uku lina uko, pa mtunda wofanana, kuti lililonse lifafanize mdima wa linzake. Mtundawo ndi wofunika zedi: babu likasunthidwa kuchoka pa mita imodzi kufika pa mamita awiri, kuwala kofika pa katundu kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Mababuwo akhale a mtundu umodzi, pakuti lachikasu likasakanikirana ndi loyera, nsalu imatuluka mawangamawanga. A LED ndi abwino chifukwa satentha kwambiri pafupi ndi nsalu. Flash ya foni imayenera kuzimitsidwa.

Pali chinyengo china chochokera m'kamera momwe. Kamera imayeza kuwala poganiza kuti zonse zili patsogolo pake zikasakanizidwa zimakhala zotuwa, ndiye ikaona kuyera kwambiri imadetsa chithunzi chonse, nsalu yoyera nkutuluka ngati phulusa. Pa mafoni ambiri, kugunda pa katunduyo ndi chala kumatulutsa kachizindikiro ka dzuwa, komwe kamakwezedwa mpaka kumbuyo kutayera. Pa kamera yaikulu amawonjezera +1 kapena +2. Malire ake ndi pamene ulusi wa diresi kapena msoko wa nsapato wayamba kuzimiririka. Wojambula amayeneranso kuyang'anira pomwe waima, chifukwa kuweramira katundu kumagwetsera pansalu chithunzithunzi cha mutu wake ndi cha foni. Ndi bwino kuima patali pang'ono nkukoka chithunzicho.

Sikuti mdima wonse ndi wochotsa. Kamthunzi kofewa pansi penipeni pa nsapato kapena pa mphika ndiko kamasonyeza kuti chinthucho chakhala pansi ndipo chili ndi kulemera kwake. Mapulogalamu a pafoni ofufuta kumbuyo amakachotsa nako, katundu nkumaoneka ngati akuyandama m'malere, ndipo nthawi zina amadyako zingwe za nsapato kapena mphonje za nsalu. Akatswiri ambiri amakasiya dala kamthunzi kameneka, pokhapokha ngati msika wa pa intaneti umene akutumizako ukufuna kumbuyo koyera kotheratu.