Sensa ya Presha: Yaikulu Si Yabwino Nthawi Zonse

Mukamadutsa pa Nkhamenya mumsewu wa M1, mwina mwaonapo mathanki a madzi ali pamwamba pa nsanja. Kodi woyang'anira thanki angadziwe bwanji madzi otsala popanda kukwera? Amayeza presha.

Kumbukirani P = hρg ya mu Physics ija: madzi akuya mamita 10 amapereka presha ya pafupifupi 1 bar. Sensa yoikidwa pansi pa thanki ili ndi kachitsulo kopyapyala kamene kamapindika madzi akamakankha. Kenako transmitter imasandutsa kupindikako kukhala magetsi a pakati pa 4 ndi 20 mA, opita pa waya mpaka pa mita yowerengera. Thanki ikauma, mita imaonetsa 4 mA. Ikaonetsa 0, dziwani kuti waya waduka kapena magetsi athima.

Posankha, yambani ndi malire a sensayo. Madzi akuya mamita awiri amapereka 0.2 bar basi. Mukagula sensa ya 10 bar yomwe imaphonya ndi 0.5%, ndiye kuti ingakunamizeni ndi theka la mita ya madzi! Pampu izizima thanki isanadzaze, apo ayi madzi azisefukira. Ya 0.25 bar ingaphonye ndi kasentimita kamodzi ndi pang'ono.

Chachiwiri, pa thanki yolowa mpweya tengani sensa ya mtundu wa gauge, chifukwa imachotsera presha ya mpweya, yomwe imasintha ndi nyengo.

Pomaliza, funsani kuti yapangidwa ndi chiyani. Madzi osungunuliramo feteleza amadya zitsulo zina, choncho stainless steel ndiyo imakhalitsa.