Sewero la ku Kamiriithu: anayamba kusewera atakula kale

Inu atsogoleri a makalasi, vuto ili mukulidziwa kuposa ife. Mayi wa zaka 45 walimbikira miyezi 6, wadziwa kulemba dzina lake, akuwerenga ndime yaifupi mosajejema. Kenaka mvula yagwa, kalasi yatsekedwa, aliyense kumunda. Pobwerera mutakolola mupeza zilembo zija zamuthawa, pakuti kunyumba kulibe cowerenga, ndipo palibe comucititsa kutsegula kope. Tifuna kukusimbirani za mudzi wina wa ku Kenya umene unayankha vuto lotere ndi sewero.

Mudziwo ndi Kamiriithu, pafupi ndi tauni ya Limuru. Anthu ake anali alimi a timinda tating'ono, ena aganyu m'minda ya tiyi ndi khofi, ena anchito a pa fakitale ya nsapato ya Bata. Panali nyumba yakale ya acinyamata, yotsala pang'ono kugwa. M'caka ca 1976 eni mudzi anaganiza zoidzutsa, ndipo nchito yoyamba inali yonga yanuyi: kuphunzitsa akulu kuwerenga ndi kulemba m'cinenero cao ca Gikuyu. Wotsogolera kalasi anali mnyamata dzina lake Ngugi wa Mirii.

Kufupi komweko kunkakhala Ngugi wina, Ngugi wa Thiong'o, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Nairobi, wobadwa mu 1938. Pa zaka 38 anali atalemba kale mabuku odziwika, ndi masewero omwe, koma onse m'Cingerezi, cinenero cimene anansi ake ambiri sankacimva. Iye mwini anasimba pambuyo pake kuti mayi wina wa m'mudzimo anafika pakhomo pake Lamulungu m'mawa kudzapempha kuti maphunziro akewo agawireko anzake. Anabweranso sabata yotsatira, ndi yotsatiranso, mpaka kanayi. Munthu wa mabukuyo anagonja napita.

Ophunzira atadziwa zilembo, panabuka funso lathu lija: tsono awerenga ciyani? Anagwirizana kuti pakhale sewero, ndipo a Ngugi awiriwo anapatsidwa nchito yolilemba. Dzina lake ndi Ngaahika Ndeenda, ndiko kunena kuti ndidzakwatiwa pamene ndifuna. Likamba za waganyu Kiguunda ndi mkazi wake Wangeci, amene cuma cao conse ndi kamunda ka ekala imodzi ndi theka, kupitirira pang'ono theka la hekitala. Cikalata ca kamundako anacipacika pakhoma. Bwana wake wolemera awanyengerera kuti akadalitse ukwati wao ku chalichi, Kiguunda akongola ndalama za phwando poikiza cikalataco, ndipo pamapeto pake kamunda kapita.

Apa ndiye pali cimene tifuna muone. Olembawo sanabwere ndi sewero lotha kale ai. Anabwera nalo losapsa, naliwerenga pamaso pa anthu, ndipo anthu analikonza. Anakana mau ena, ati nkhalamba siyankhula cotero. Anaonjeza miyambi, anakumbutsana nyimbo ndi magule amene anali kuiwalika. Anchito a m'fakitale anafotokoza mmene nchito imayendera m'katimo, zimene aphunzitsi a yunivesite sankazidziwa. Mfuti zoyerekezera za m'seweromo anapanga ndi anthu omwe aja amene ankapangira mfuti zenizeni ankhondo a Mau Mau m'zaka za m'ma 1950. Kuyeserera konse kunkacitikira pabwalo, aliyense wodutsa n'kumaonerera, mwina n'kuponyapo mau. Bwalolo anamanga okha, lokhalamo anthu oposa 2,000.

Taganizani cimene cimacitika kwa munthu wamkulu m'nchito yotere. M'kalasi amakhala ngati mwana. Bambo wa imvi, woweruza milandu pamudzi, akalephera kusiyanitsa "b" ndi "d" pamaso pa apongozi ake, mawa sabweranso, ndipo inu mudziwa kuti amuna ambiri timawataya motero. M'sewero zinthu zimatembenuka. Mwini mau ndi iyeyo, pakuti wayankhula cinenero cake zaka 50, waona nkhondo, njala, maukwati ndi maliro. Wa zaka 18 alibe zimenezi. Ndipo mbali yake akaitenga, adzaiwerenga ka 20, ka 30, osati poopa mphunzitsi, koma poopa kucita manyazi tsiku la sewero mudzi wonse uli maso. Kubwereza kumene timakupempherera m'kalasi kumabwera kokha.

Ifenso tinayamba kulemba timasewero titapitirira zaka 40, ndipo koyamba tinalakwitsa. Tinalemba monga tilembera ulaliki, munthu mmodzi kuyankhula tsamba lathunthu. Amayi ataliwerenga anaseka, ati abusa, pamtondo sitiyankhula conco. Tinadula, tinalembanso. Cotero mukafuna kuyesa, yambani ndi nkhani yaifupi imene kalasi yonse ikuidziwa, monga mkangano wa malire a munda, kapena kalata yocokera ku Joni imene mwini wake sangathe kuiwerenga yekha. Ayambe asewera pakamwa pokha. Kenaka lembani pabolodi zimene anena, m'mau ao omwewo, ndipo aliyense akopere mbali yake m'kope ndi dzanja lake. Zovala ndi nsalu zochinga zisakuvuteni, m'tsinde mwa mtengo wa mango m'mokwanira.

Tisakubiseni kuti sewero la akulu limaluma. Mwana amasewera za kalulu, koma wamkulu amasewera zimene zikumuwawa. La ku Kamiriithu linanena Akhristu olemera amene amayimba nyimbo za Mulungu uku akulanda minda ya osauka, ndipo ife abusa tikamaliwerenga timatuluka thukuta. Ngati kalasi yanu idzatinena ife, musaitseke pakamwa, koma cenjerani kuti m'sewero musalowe dzina la munthu wamoyo wa pamudzipo.

Ku Kenya amene anapsa mtima ndi boma. Sewerolo linayamba kuonetsedwa pa 2 Okutobala 1977, anthu nabwera m'mabasi kucokera kutali. Pa 16 Novembala boma linalanda cilolezo. Pa 31 Disembala Ngugi wa Thiong'o anamangidwa, nakhala m'ndende ya Kamiti pafupifupi caka cathunthu osaweruzidwa. M'menemo analemba buku lake loyamba la nthano yaitali m'Cigikuyu, pa mapepala a kucimbudzi. Anthu a m'mudzi sanaleke, anakonzanso sewero lina, koma m'mwezi wa Malici 1982 apolisi anafika nagwetsa bwalo lonse lija. Caka comweco Ngugi wa Mirii anathawira ku Zimbabwe, kumene anapitiriza nchito ya masewero a m'midzi mpaka imfa yake mu 2008. Ngaahika Ndeenda linaonetsedwanso poyera ku Nairobi mu 2022, patapita zaka 45, Ngugi wa Thiong'o akali moyo. Iye anamwalira mu 2025.